Zolembedwa Ndi Zathu, Makiyi Ali kwa Eni

Kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa ntchito za USAID, tsamba la pa intaneti la FEWS NET linazima. Limeneli ndi tsamba lochenjeza za njala, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko omwe limawayang'anira: mvula yagwa bwanji, chimanga chili pa mtengo wanji, ndi maboma ati amene nkhokwe ziume msanga. Tsambali linadzayambanso patapita miyezi. Mu Febuluwale 2025 ntchito ya kafukufuku wa zaumoyo wa DHS nayo inaima. Kafukufukuyu wakhala akuchitika kuno kuyambira 1992. Oyenda m'midzi ndi mafunso ndi ana athu otumidwa ndi ofesi yowerengera anthu ya NSO ya ku Zomba, oyankha ndi amayi athu, koma njira imene ofufuza ambiri anazolowera pofuna manambalawo inali yokapempha pa tsamba la ku America. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Eni dziko la America anakumana ndi zofananazo kwawo komwe, pamene masamba ena a zaumoyo a boma lawo anayamba kuchotsedwa. Iwo sanadikire kuti wina awamvere chisoni. Osunga mabuku, aphunzitsi a m'mayunivesite ndi anthu ongodzipereka anayamba kukopera chilichonse chisanafufutidwe. Laibulale ya sukulu ya zamalamulo ku Harvard yokha inakopera mafayilo a manambala oposa 300,000 a pa tsamba la boma la data.gov. Chizolowezichi sanachiyambe dzulo. Kuyambira 2008, nthawi ya pulezidenti ikamatha, Internet Archive ndi malaibulale ena amakopera masamba a boma n'kuwasunga, kaya wolowayo ndi wa chipani chiti. Sakhulupirira boma lililonse kuti lingasunge lokha mbiri yake, ndipo ine ndikuti akulondola.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za olemera. Ku Timbuktu, m'dziko la Mali, kunalibe makompyuta akuluakulu pamene zigawenga zinalanda mzindawo mu 2012. Kunali mabanja omwe akhala akusunga zolembedwa pamanja za makolo awo kwa zaka mazanamazana. Mmodzi wa osungawo, Abdel Kader Haidara, ndi anzake analongedza zolembedwazo m'mabokosi a chitsulo n'kumazitulutsa pang'onopang'ono, zina pa galimoto, zina pa mabwato mumtsinje wa Niger, mpaka ku Bamako. Mu Januwale 2013 zigawenga zinaotcha zolembedwa pafupifupi 4,000 ku Ahmed Baba Institute, koma zambirimbiri zinali zitapulumuka chifukwa sizinali pansi pa denga limodzi.

Kuno kwathu moto unatiphunzitsa kale, kungoti sitimva. Mu 1919 ofesi yaikulu ya boma ku Zomba inapsa, ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda zinapita ndi utsi. Mu Disembala 2015 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000. Koma choononga kwambiri si moto ayi. Lowani m'chipinda chosungira mafayilo mu ofesi zathu zambiri. Mupeza mafayilo omangidwa ndi chingwe ataunjikidwa pansi, akumunsi atadyedwa ndi chiswe, akumwamba atathimbirira ndi madzi a denga lodontha. Mukafunsa lanu, yankho mukulidziwa kale: "Silikuoneka bwana, mubwere mawa." Masiku ano chipindacho chasanduka laputopu ya munthu mmodzi kapena fulashi ya m'thumba mwake. Akasamutsidwa, akapuma ntchito, kapena pulojekiti ikatha ndalama, zonse zapita naye, ndipo palibe amene amalira maliro ake chifukwa palibe utsi umene waoneka.

Sikuti kusunga sitikudziwa. Taonani buku la kuchipatala. Mayi amalikulunga mu jumbo, kuliika pansi pa sutikesi kapena kulimanga pa nsonga ya chitenje, ndipo akalitulutsa pamaso pa dokotala mbiri yonse ya mwana ili momwemo: katemera, sikelo, malungo a chaka chatha, mankhwala omwe anamudwalitsa. M'maiko ambiri a azungu mbiri yotere imakhala m'makompyuta a chipatala. Yathu ili m'manja mwa mwini, ndipo magetsi akazima imawerengekabe. Chimodzimodzi kaundula wa m'mudzi amene amfumu amasunga. Vuto lake ndi limodzi, koma lalikulu: bukulo ndi lokhalo. Madzi akakokolola nyumba, monga anachitira namondwe Freddy mu 2023, mbiri ya matenda a banja lonse imatsatira.

Tisanyoze zosungitsa kunja. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'midzi yathu m'zaka za m'ma 1950 zikumvekabe lero chifukwa zinasungidwa ku Makhanda, ku South Africa. Koma kunjako nakonso ngozi siisankha. Laibulale ya Jagger ku Cape Town inapsa mu 2021 pamodzi ndi zolembedwa zambiri za Africa, ndipo British Library inathyoledwa ndi akuba a pa intaneti mu Okutobala 2023, ntchito zake n'kusokonekera kwa miyezi yambiri. Kope la kunja ndi labwino ngati lili lachiwiri.

Malo osungira tili nawo. National Archives ya ku Zomba ilipo kuyambira 1947, ndipo lamulo limati wosindikiza buku azipereka kope kumeneko. Lamulolo linalembedwa pa nthawi ya mapepala okhaokha, pomwe kafukufuku wa lero amabadwira m'kompyuta n'kufera momwemo. Kuyambira 2020 tili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zomwe boma likudziwa, koma palibe angakupatseni fayilo limene chiswe chinamaliza.

Choncho aphungu athu ndi inu opereka zilolezo za kafukufuku, ikani lamulo loti aliyense wofufuza m'dziko muno, wa kuno kapena mlendo, asanatseke ntchito yake azisiya kope lathunthu la zomwe wapeza ku Zomba, maina a oyankha atachotsedwa, ndipo lina lizikasungidwa ku Mzuzu. Ndalama zoyendetsera nkhokwe ziwirizo zichoke mu bajeti yathu, osati kwa opereka thandizo.