KODI BWALO LA ANA A M'MAKOMBONI A LUSAKA LILI KUTI?

Mudzi uliwonse kwathu uli ndi bwalo, pamene akulu aweruzira milandu pansi pa mtengo, ana nasewera mwezi ukawala. Koma abale athu amene agwira nchito m'mafakitale a ku Heavy Industrial Area mu Lusaka akhala m'makomboni momwe malo otere ndi osowa. Cifukwa cake cili m'mbiri ya mzindawu.

M'caka ca 1931 Pulofesa Stanley Adshead wa ku London analemba mapulani a likulu latsopano, ndipo mu 1935 boma la atsamunda linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Colinga cinali cakuti ukhale mzinda wa mitengo, maluwa ndi miseu yotakata. Zabwinozi zinaikidwa pa mtunda wa Ridgeway, kum'mawa kwa njanji, kumene kunali maofesi a boma ndi nyumba za Azungu. Mafakitale anaikidwa kumadzulo, kumene mphepo ikankhira utsi ndi fumbi. Anchito anakhala kufupi nawo, ku Matero, George ndi Kanyama.

Ufulu utabwera mu 1964, anthu anacuruka m'tauni, namanga nyumba mothithikana. Mu 1974 Boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ena, ndipo ndi ngongole ya World Bank linaika mipope ya madzi ndi miseu ku George ndi Chawama. Komabe malo a mthunzi ndi a masewera anatsalira m'mbuyo.

Nkhaniyi si ya kukongola kokha ai. Kanyama ali pa cidikha ca miyala ya laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Malo amene madzi a mvula asonkhanira akamangidwapo nyumba, madziwo alowa m'nyumba ndi m'zimbudzi, nafika m'zitsime. Cigumula ca 1978 cinagwetsa nyumba zambiri kumeneko, ndipo mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2017 unasautsa komboni imodzimodziyo. Bwalo la udzu ndi mitengo, lokhala ndi ngalande zosamalidwa, lipatsa madzi njira ndi ana posewerera.

N'zoona kuti Lusaka National Park inatsegulidwa mu 2015, koma ili kutali ndi mwana wa ku George amene alibe ndalama ya basi. Caka comweco lamulo la Urban and Regional Planning Act linalamula makhonsolo kumva maganizo a anthu polemba mapulani. Apa ndipo pamene nzika ziyenera kulankhula, kuti bwalo la mpira lisasanduke mapuloti.

Inu owerenga a ku Chipata, Katete ndi Petauke, matauni anunso akukula. Pogawa malo, uzani mafumu ndi makhansala asiye bwalo poyamba, pakuti nyumba zikamangidwa silibwereranso. Ndipo pa 15 Disembala, tsiku lobzala mitengo m'dziko lonse, bzalanipo mtengo wa mthunzi.