Kodi wogula chakudya chonyamula asiye 'ya fanta'?

Aliyense wozolowera kumsika amadziwa kuti malonda sathera popereka ndalama. Mayi akagula mulu wa tomato kapena ndowa ya mbatata ya kachewere amayembekezera kuti wogulitsa aponyerapo zina pang'ono pamwamba. Imeneyi ndi basela, yomwe anzathu a ku Zambia amati mbasela, ndipo wamalonda woumira nayo sachedwa kuthawidwa ndi makasitomala.

Koma masiku ano kukufala mchitidwe wina wosemphana ndi umenewu. M'malo moti wogulitsa awonjezere katundu, wogula ndiye amawonjezera ndalama pamtengo womwe wauzidwa. Pachingerezi amati tipi, pomwe kuno ena amangoti "ya fanta" kapena "chenjiyo musunge".

M'dera la Mfumu Yaikulu Kaphuka m'boma la Dedza komanso m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 monga Linthipe ndi Chimbiya, okazinga tchipisi pachiwaya, ootcha kanyenya ndi atsikana a m'malesitilanti amatumikira anthu a m'midzi yozungulira pamodzi ndi apaulendo ochokera m'mizinda. Ambiri mwa ogulawa sakhala pansi n'komwe. Amangoti "mundikulungire" n'kumapita. Kodi munthu wotereyu ayenera kusiya kanthu?

Kunja zimayenda bwanji?

Dziko lomwe mwambowu udazika mizu kwambiri ndi la America. Kumeneko munthu akadya m'lesitilanti amayembekezeka kuwonjezera $15 mpaka $20 pa $100 iliyonse yomwe wadyera.

Chifukwa chake chili m'malamulo. Kuyambira mu 1991, lamulo la boma lalikulu la dzikolo limalola bwana kulipira wantchito wolandira tipi $2.13 yokha pa ola, pomwe malipiro ochepetsetsa a antchito ena adafika pa $7.25 mu 2009. Zigawo zina za dzikolo zimalamula malipiro oposa apa, komabe operekera zakudya ambiri amadalira dzanja la kasitomala kuti adye.

Ngakhale kumeneko, nkhani ya chakudya chonyamula imagawanitsa anthu. Ena amati palibe amene wawaperekera chakudya patebulo, choncho palibe chothokozera. Ena amati wophika ndi wolongedza agwira ntchito ndithu. Mkanganowu udakula m'nthawi ya Covid-19 mu 2020, pomwe malo odyera ambiri adayamba kugulitsa zonyamula zokhazokha.

Amalawi ogwira ntchito m'malesitilanti a ku Johannesburg ndi Cape Town amaudziwa bwino mwambowu, chifukwa ku South Africa wodya amasiya pafupifupi R10 kapena kuposerapo pa R100 iliyonse. Koma ku Japan n'zachilendo, moti wantchito atha kukuthamangirani kuti akubwezereni ndalama poganiza kuti mwaiwala.

Kuno kwathu palibe lamulo lokakamiza munthu kupereka tipi. Mtengo womwe mwauzidwa ndi womwewo. Msonkho wa VAT komanso wa zokopa alendo womwe umaoneka pamalisiti a m'mahotela umapita kuboma, osati m'thumba mwa amene wakuperekerani chakudya.

Ntchito yomwe wogula saiona

Wapaulendo amaima mphindi zochepa chabe, koma tchipisi chomwe amanyamulacho chimakhala chitayamba kukonzedwa mbandakucha. Pali kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kusenda mbatata, kudula kabichi ndi tomato wa saladi, kenaka kuima tsiku lonse pautsi ndi mafuta otentha. M'miyezi ya June ndi July, pomwe Dedza amazizira mpaka kuuma zala, madzi otsukira mbale amakhala ngati akuluma.

Kawirikawiri woima pachiwayayo si mwini wake. Ndi mnyamata wolembedwa ganyu, ndipo phindu la tsikulo limapita kwa bwana. N'chimodzimodzi atsikana ophika nsima ndi nkhuku ya lokolo m'malesitilanti.

Mu 2024 boma lidakweza malipiro ochepetsetsa a apantchito ambiri kuchoka pa K50 000 kufika pa K90 000 pamwezi, ndipo mu 2025 lidawakwezanso kufika pa K126 000. Koma m'malo odyera ang'onoang'ono ambiri, mgwirizano wa bwana ndi wantchito umangokhala wapakamwa, ndipo malipiro amatengera momwe malonda akuyendera.

Nawonso eni bizinezi ali ndi awo mavuto. Ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wambiri, kuphatikizapo mafuta ophikira, adakwera mtengo. Chakudya chonyamula chimafunanso chokulungira, chomwe wodyera pamalopo sachifuna. Malamulo a mu 2015 adaletsa majumbo opyapyala, ndipo bwalo la Supreme lidagwirizana ndi chiletsochi mu 2019. Choncho wogula amene wabwera ndi bakuli lake kuchokera kunyumba wathandiza kale wogulitsa, ngakhale asasiye khobidi lililonse.

Mpofunika liti kuthokoza?

Kunena chilungamo, banja lomwe lasonkherana kuti ana alaweko tchipisi tsiku la msika silikuyenera kuchita manyazi polandira chenji yonse. Alipira mtengo, ndipo mawu oti "zikomo achimwene" kapena "mwaphika bwino achemwali" ndi okwanira.

Komabe zilipo nthawi zina zomwe wantchito amachita zoposa zomwe mwalipira. Ngati mwaitanitsa chakudya cha anthu ambiri, monga cha pamsonkhano kapena pachinkhoswe, ophika amalawirira ndi kusiya makasitomala ena chifukwa cha inu. Ngati mnyamata wadutsa msewu mothamanga kukupatsirani chakudya pawindo la minibasi, waika moyo wake pachiswe. Ngati mtsikana wakubwezerani foni kapena chenji yomwe mudaiwala pakauntala, waonetsa kukhulupirika komwe sikupezekapezeka. Apa amene ali nako kangachepe achita bwino kutambasula dzanja.

Palibe mlingo woikika. Ambiri amangosiya chenji yaing'ono yotsala, ndipo ena amapereka yokwana botolo la chakumwa, komwe kudachokera dzina loti "ya fanta".

Kaperekedwe kake nakonso n'kofunika. Ndalamayo iperekedwe m'manja mwa amene wagwira ntchitoyo, mwaulemu ndi mwakachetechete, osati kuiponya patebulo kapena kuikweza m'mwamba kuti anthu aone. Amene amalipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba akumbukire kuti nambala yolembedwa pakhoma nthawi zambiri imakhala ya mwini lesitilanti. Ndalama yowonjezera yotumizidwa kumeneko ingathe osamufika wophikayo.

Vutoli si lakuno kokha. Ku Britain adachita kukhazikitsa lamulo, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 October 2024, lokakamiza mabwana kupereka tipi yonse kwa antchito osadulapo kanthu.

Wakabaza amene mwamutuma kukatenga chakudya ali ndi nkhani yake. Ndalama ya ulendo ndi malipiro ake, ndipo muyenera kugwirizana asananyamuke. Ngati wadikira nthawi yaitali kuti ndiwo zipse, kapena wabwera mvula ikugwa, n'chanzeru kumuwonjezera.

Pomwe pamalakwika

Tipi ikaperekedwa ntchito isanagwiridwe, n'cholinga chodumpha mzere kapena kupatsidwa nthuli zikuluzikulu za bwana mozemba, imasanduka chinthu china. Woluza ndi mwini bizinezi komanso agogo omwe afika kale koma akungodikira chifukwa alibe yapamwamba.

Palinso abambo ena omwe amasiya chenji kwa mtsikana wa m'lesitilanti kenaka n'kuyamba kupempha nambala ya foni. Mphatso yokhala ndi chingwe kumbuyo ndi nyambo, ndipo atsikana ambiri amaopa kukana poopa kuti bwana awanena kuti akuthamangitsa makasitomala.

Mawu oti "ya fanta" amamvekanso m'malo omwe sayenera kumveka. Kupereka ndalama kwa wogwira ntchito m'boma kuti akuthandizeni pa ntchito yomwe amalandirira kale malipiro ndi ziphuphu, ndipo ndi mlandu malinga ndi lamulo lothana ndi katangale la mu 1995, lomwe lidakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau.

Nawo ogulitsa ali ndi mbali yawo. Kunamizira kusowa chenji kuti wogula atope n'kuisiya ndi kuba. Kuthamangira a pagalimoto n'kusiya mlimi wa m'mudzi ataima ndi ndalama m'manja ndi kudzigwetsera bizinezi, chifukwa wapaulendo amadutsa kamodzi, pomwe mnansi amabwera tsiku lililonse la msika. Ndipo bwana asachepetse malipiro a wantchito ponena kuti makasitomala amamupatsa kale.

Makolo otuma ana kukagula chakudya awauze momveka kuti chenji ibwerere kunyumba, pokhapokha ngati iwo eni anena kuti isiyidwe. Wogulitsa wachilungamo sasunga chenji ya mwana.

Akuluakulu adati lende n'kukankhana. Wogulitsa amene amaika basela amakumbukiridwa, chimodzimodzi wogula amene amathokoza. Zonsezi zimakoma zikachokera mumtima popanda wokakamiza. Wokhala nako apereke, wopanda alipire mtengo wake n'kunena zikomo, ndipo onse awiri alandire chakudya chotentha komanso ulemu wofanana.