Liwiro la Magazi ndi Makina a MRI

Mukudziwa kuti mtsinje wa Luweya umayenda mofatsa pamene pali potakasuka, koma ukafika pothina madzi ake amathamanga. Magazi nawonso amatero. Mu mtima muli zitseko zinayi, ndipo chimodzi chikachepa, magazi amadutsapo mwaliwiro kuposa kale. Tsono dokotala akadziwa liwiro lalikulu koposa, amadziwanso kukula kwa vutolo.

Pa chitseko chotulukira magazi opita m'thupi lonse, liwiro la munthu wangwiro limaposa pang'ono mita imodzi pa sekondi. Likafika mamita 4, ndiye kuti chitsekocho chachepa kwambiri, ndipo mtima ukuvutika pokankha magazi.

Nanga makina a MRI amayeza bwanji osaboola khungu? Magazi ambiri ndi madzi, ndipo m'madzimo muli tinthu ta haidrojeni tomwe timazungulira tikalowa m'maginito amphamvu. Makinawo amakankha kazunguliridweko, kenaka ndi kukabwezanso ndi mphamvu yofanana. Tinthu tokhala malo amodzi timabwerera m'chimake, koma toyenda ndi magazi timatsala titapatuka. Kupatukako kumakula molingana ndi liwiro, ndipo kompyuta imawerengetsa pa chigawo chilichonse cha kugunda kwa mtima. Woyeza amayamba waika malire a liwiro lomwe akuyembekeza. Malirewo akachepa, magazi othamanga kwambiri amaoneka ngati akubwerera m'mbuyo.

Makina oyamba a MRI m'Malawi anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008. Ndi makinawo akatswiri anaonetsa mu 2015 kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ana ambiri odwala malungo a mu ubongo. Koma pa matenda a mtima, madokotala kawirikawiri amayamba ndi sikani ya mafunde a mawu, pakuti ndi yotsika mtengo ndiponso yonyamulika.

Kwathu kuno chowononga zitseko za mtima mwa ana nthawi zambiri ndi zilonda zapakhosi zobwera ndi mabakiteriya, zikapanda kuchizidwa. Motero makolo, mwana akamva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi, kapena akayamba kutupa mfundo ndi phuma, pitani naye msanga ku chipatala cha Chintheche. Penisilini wopatsidwa pa nthawi yake amateteza mtima.