Nyumba Yofunda M'chisanu, Yozizira M'chilimwe

Mzinda wa Lilongwe, umene unakhala likulu la dziko la Malawi m'chaka cha 1975, uli pamalo okwera mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. M'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri, pamene mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo. M'maofesi ena a ku City Centre muli makina oziziritsa zipinda, koma banja la m'nyumba yaing'ono silingakwanitse kugula makina otero. Komabe banjalo likhoza kukonza nyumba yake ndi ndalama zochepa.

Nyumba zambiri zazing'ono za ku Old Town, ndiponso zija za antchito zimene zili kuseri kwa nyumba zikuluzikulu ku Area 10 ndi Area 43, ndi zanjerwa zofolera ndi malata. Malata satchinga kutentha. Masana amalowetsa kutentha kwa dzuwa, ndipo usiku amataya msanga kufunda kwa m'nyumba. Denga laudzu silitero, chifukwa pakati pa udzu pamakhala mpweya wosayenda, umene sulola kutentha kudutsa msanga.

Motero ntchito yoyamba ndi kuika siling'i kunsi kwa malata, kaya wamatabwa kapena wamphasa zabango. Mpweya wotsekeredwa pakati pa siling'i ndi malata umagwira ntchito yonga ya udzu ija. Kupaka malata penti yoyera kumathandizanso, pakuti chinthu choyera chimabweza kuwala kwa dzuwa.

Ntchito yachiwiri ndi kutseka mipata yolowera mphepo. Mipata imeneyi imapezeka kunsi kwa chitseko, m'mphepete mwa mazenera ndi m'ming'alu ya khoma. Munthu akanyowetsa dzanja nalidutsitsa pamalo amenewa tsiku lamphepo, amamva kuzizira pamene pali mpata. Ming'alu imamatidwa ndi simenti, galasi losweka limachotsedwa nkuikapo lina, ndipo kunsi kwa chitseko amakhomako chidutswa cha labala ya tayala lakutha. Makatani ochindikala amasunga kufunda usiku. Mipata ikatsekedwa, fumbi ndi udzudzu nazonso zimachepa. Koma wokhala m'nyumba yalendi ayambe wapempha mwini wake, pakuti safunsa anadya phula.

Nyumba yokonzedwa motere sifuna moto wambiri wowotha. Magetsi, amene ambiri amapangidwa ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, sathera pa hita. Makalanso sagulidwa kawirikawiri. Ichi n'chofunika, chifukwa kuwotcha makala kwawononga mitengo yambiri m'nkhalango ya Dzalanyama, kumene kuli gwero la mtsinje wa Lilongwe, umene umamwetsa anthu a mumzindawu.

Koma pali choopsa chimodzi. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wapoizoni umene suoneka, ndiponso sununkha. M'chipinda chotsekeka, mpweyawu umayambitsa mutu ndi chizungulire, kenaka munthu amakomoka nafera kutulo. Chifukwa cha ichi, mbaula yoyaka siyenera kugona m'nyumba, ngakhale kuzizire chotani. Tiziboo timene amisiri amasiya pamwamba pa khoma sitiyenera kutsekedwa ndi nsanza kapena mapepala, koma kuikidwa sefa wotchinga udzudzu. M'mawa uliwonse mazenera atsegulidwe kuti chinyezi chituluke, makoma angachite nkhungu.

Nzeru yake ndi iyi: mphepo isalowe paliponse pamene yafuna, koma mpweya wabwino ukhale ndi khomo lake.

Mafunso
1. Chifukwa chiyani nyumba yaudzu sitentha ngati yamalata?
2. Tchulani malo atatu amene mphepo imalowera m'nyumba.
3. Fotokozani kuopsa kogona ndi mbaula yoyaka m'chipinda.