Kukometsa Mipando ndi Makabati Opaka Penti

Ambiri a ife tili ndi kabati kapena mpando kwathu umene unapakidwa penti kalekale, ndipo tsopano watuwa. Ena akaona zotere amagula chitini cha penti, nathira wambiri pamwamba pa wakale uja. Pakapita miyezi yowerengeka penti amayamba kufundula ngati njoka. Ndalama zapita, kabatinso yaipa. Tsono ndifuna kufotokozera anzanga njira ina imene amisiri a matabwa amakometsera chinthu chopaka penti. Angerezi amaitcha glaze.

Glaze ndi utoto wamadzimadzi, wopyapyala kwambiri, kotero kuti penti wapansi amaonekera ndithu. Ntchito yake si kubisa penti ayi, koma kutsalira m'mizere, m'makona ndi m'malo osemedwa, kuti maonekedwe a chinthucho atuluke bwino. Kabati yoyera mbee imaoneka yosalala chabe. Koma m'mizere yake mukakhala kautoto kofiirira, zitseko ndi mafelemu zimaoneka patali.

Popanga utotowu tisowa zinthu zitatu. Choyamba ndi mafuta a linseed, amene amayengedwa kuchokera ku njere za fulakesi. Chachiwiri ndi tapentaini, wochokera ku utomoni wa mitengo ya paini, yonga ija tiiona m'mapiri a ku Dedza. Chachitatu ndi penti wa mafuta wofiirira kapena wakuda. Tengani muyeso umodzi wa mafuta ndi miyeso iwiri ya tapentaini, mudontheze penti pang'ono, ndi kutakasa mpaka zifanane ndi tiyi wopanda mkaka. Musanakhudze kabati, yambani mwayesa pa kathabwa kena.

Ntchito yeniyeni iyenda motere. Tsukani kabati ndi sopo kuti litsiro ndi mafuta a m'manja zichoke, ndipo muileke iume. Kenaka ikhuleni pang'ono ndi sandipepa wosalala, pakuti utoto sugwira pamalo poterera. Ngati penti wakale wasupuka, pakani wina mopyapyala ndi kudikira masiku awiri kapena atatu. Tsono pakani glaze ndi burashi pa chitseko chimodzi chokha, ndipo asanayambe kumata mum'pukute ndi kansalu kofewa, motsata mmene thabwa lagonera. Pakati pukutani kwambiri, m'makona musiyemo. Mukatha chitseko chimenecho, pitani pa chinzake. Zikauma bwinobwino, pakani vanishi kawiri kuti ateteze zonse. Kumbukirani lamulo ili: utoto wa mafuta ukhoza kukhala pamwamba pa penti wa madzi wouma, koma penti wa madzi sagwira bwino pamwamba pa mafuta.

Nanga n'chifukwa ninji tiyenera kudikira chotere? Madzi amauma pouluka, koma mafuta a linseed satero. Iwo amamwa mpweya wa okosijeni pang'onopang'ono mpaka asanduke chikopa cholimba. Mukapaka mochindikala, pamwamba pokha ndi pamene pamalimba, pansi pali pofewa, ndipo chikopacho chimachita makwinya. Kukazizira, kulimbaku kumachedwanso. Ife a kuno ku Mlangeni tikudziwa chisanu ndi nkhungu za mu June ndi July. Chinthu chimene chingaume tsiku limodzi ku Balaka chikhoza kumatabe kuno pa tsiku lachitatu. Mphepo ikayamba, fumbi la m'mbali mwa msewu wa M1 limagwera pa vanishi wosauma, nakhala wokhakhala ngati mchenga. Chifukwa chake gwirirani ntchitoyi m'nyumba, mazenera a mbali yopanda mphepo ali otsekula, mutawaza madzi pansi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwina anzanga ena sadziwa kuti dziko lathu linalimapo mtengo wa mafuta otere. Mtengowo ndi tung, wochokera ku China, ndipo mafuta a njere zake amalowa mu vanishi ndi penti. M'masiku a Nyasaland mitengoyi inabzalidwa m'mapiri a ku Thyolo ndi ku Vipya, ndipo tauni ya Mzuzu inakula kuchokera pa esiteti ya tung imene inatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Pambuyo pake malonda a tung anagwa, popeza mafakitale anapeza zina zopangira penti.

Pali zoopsa ziwiri zoti tisaziiwale. Mafuta akamamwa mpweya amatulutsa kutentha, kotero nsanza zonyowa ndi linseed zikaunjikidwa pamodzi zikhoza kuyaka zokha usiku, popanda wokoleza moto. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi, kapena zivikeni m'chitini cha madzi. Chinanso, penti wina wa mafuta, makamaka wakale, amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi poizoni amene amaononga ubongo wa ana. Pokhula nyowetsani sandipepa kuti fumbi lisauluke, mangani nsalu kumphuno, ndipo ang'ono athu asasewere pafupi.

Motero, anzanga, tchuthi chikafika pemphani makolo akupatseni kampando kamodzi kakale kuti muphunzirirepo. Kabotolo kamodzi ka mafuta kakwanira mipando ingapo, ndipo mnyamata kapena mtsikana wodziwa ntchito imeneyi sasowa ya sopo ndi makope.