Kodi wailesi yakale ya shortwave ndi yoyenera kuigula?

M'misika yathu, pa mabenchi a anthu ogulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito, sipalephera kupezeka kawailesi kam'manja kolembedwa SW1, SW2, mwinanso mpaka SW9. Mawailesi ena amachita kubwera ndi abale ochokera ku Johannesburg kapena ku London. Mayina ake ndi aja akuluakulu amawalemekeza: Sony, National Panasonic, Grundig, Philips. Wogulitsa amakuuzani kuti imeneyi ndi yolimba ndipo imakoka dziko lonse lapansi. Za kulimbazo nthawi zambiri sanama. Koma wailesi imangokoka zimene zikuulutsidwa, ndipo zoulutsidwa pa shortwave zinachepa kwambiri m'zaka makumi awiri zapitazi. Choncho, awerengi athu, musanafunse ngati wailesiyo ili bwino, yambani mwadzifunsa chimene mukufuna kumva, ndiponso ngati chinthucho chikadali m'mlengalenga.

Tiyambe ndi mmene shortwave imagwirira ntchito, pakuti zambiri zimene zimakhumudwitsa ogula zimachokera pa kusadziwa zimenezi. Mafunde a FM amayenda molunjika monga kuwala, ndipo phiri likawatchinga, mudzi wa kuseri kwake umva mwapatalipatali kapena osamva n'komwe. Mafunde a shortwave, amene ali pakati pa 3 ndi 30 MHz, amakwera kumwamba, nakagunda chigawo cha mlengalenga chotchedwa ionosphere, nabwerera pansi pa mtunda wa makilomita zikwizikwi. N'chifukwa chake mawu ochokera ku Roma amatha kumveka m'chigwa chimene siteshoni ya FM ya m'boma lomwelo siifikamo. Chigawo chimenechi chimasintha ndi dzuwa. Masana zimamveka bwino ndi zigawo za mamita 19, 16 ndi 13. Dzuwa likalowa zimatseguka za mamita 31, 41 ndi 49. Mphamvu ya dzuwa nayo imakwera ndi kutsika pa zaka pafupifupi 11 zilizonse, ndipo inafika pachimake mu 2024. Munthu amene ayesa wailesi masana pa mamita 49 nangomva phokoso, asafulumire kuiweruza kuti yafa.

Makolo athu anaidziwa wailesi kudzera m'njira imeneyi. Mu 1949 kampani ya Ever Ready inapanga wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, imene Angerezi anaitcha Saucepan Special, kuti anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, imene inkalankhulanso Chinyanja. Pambuyo pake MBC nayo inkamveka pa shortwave, pa 3380 kHz. Amene anakula nthawi imeneyo ali ndi chifukwa chabwino choikondera, koma masiku amenewo anapita.

Taonani mmene nyumba zazikulu zinachokera imodzi ndi imodzi. BBC inasiya kuulutsira ku North America ndi Australia pa shortwave mu 2001, ndipo ku Ulaya inasiya mu 2008. Mu 2012 wailesi ya dziko la Netherlands yolankhula kwa anthu akunja inatseka mapulogalamu ake. Mu 2014 BBC inatseka malo ake otumizira mawu a ku Seychelles, ndipo mu 2015 Deutsche Welle ya ku Germany inatseka ake a ku Kigali. Chimene chinatikhudza kwambiri ife ndi cha mu March 2019, pamene makina a ku Meyerton, kumwera kwa Johannesburg, anazimitsidwa. Kumeneko ndi kumene Channel Africa inkatumizira mapulogalamu ake, kuphatikizapo a Chinyanja. Mu March 2025 boma la America linaimitsa mbali yaikulu ya ntchito za Voice of America. Wogula wailesi kuti amve nkhani zakunja m'chilankhulo chathu adziwiretu kuti adzafufuza nthawi yaitali.

Komabe m'mlengalenga simunakhale zii. Africa ndi limodzi mwa madera amene otsalawo akulunjikako. BBC ikutumizabe mawu kuchokera pa chilumba cha Ascension, China Radio International imamveka mwamphamvu pa malo ambiri, ndipo nyumba za mipingo yosiyanasiyana ziliponso. Kwa ife Akatolika pali Vatican Radio, imene Papa Pius XI anaitsegula pa 12 February 1931 ndi makina okonzedwa ndi Guglielmo Marconi. Mu 2012 inachepetsa kwambiri shortwave yopita ku Ulaya ndi ku America, koma inasunga ya ku Africa, m'Chingerezi, Chifalansa, Chipwitikizi, Chiswahili ndi zilankhulo zina. Pa 19 June 2025 Papa Leo XIV anayendera malo otumizira mawu a ku Santa Maria di Galeria, kunja kwa mzinda wa Roma, ndipo anakumbukira mmene shortwave inamuthandizira pa ntchito yake ya utumwi kumadera akutali. Katekisiti womva Chingerezi amene akukhala kumene netiweki ya foni ndi yovuta, kapena amene ndalama ya bandulo imamusowa, akhoza kupindula nayo ndithu. Kumvera shortwave sikulira kalikonse koposa mabatire.

Tsono tinene za wailesi yeniyeniyo. Mdani woyamba wa wailesi yakale ndi mabatire amene anaiwalidwa m'kati. Tsegulani chivundikiro chake. Mukaona zoyera ngati mchere kapena zobiriwira pa tizitsulo togunda batire, dziwani kuti madzi a batire anatayikira. Zikangokhala pa tizitsulo pokha zimapalika, koma zikalowa m'kati zimadya tinjira ta magetsi, ndipo vuto limadzabuka patapita miyezi.

Mdani wachiwiri saoneka ndi maso. M'kati mwa wailesi muli tizipangizo totchedwa makapasita, timene timauma kapena kuchucha tikakalamba. Chodabwitsa n'chakuti matendawa anagwira kwambiri mawailesi apamwamba ang'onoang'ono a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa 1990, monga Sony ICF-SW1 ndi ICF-SW7600. Zizindikiro zake ndi mawu otsika, kulira kwa phokoso lobwerezabwereza m'sipika, kapena kuzima yokha. Amisiri aluso amatha kusintha makapasitawo, koma ndi tating'ono kwambiri, ndipo si mmisiri aliyense wa pamsika ali ndi zida zake. Sony ICF-SW100, ija yopindika ngati kabuku, inkaduka kachingwe kodutsa popindikira. Sony ICF-2001D, imene inatuluka mu 1985 ndipo akatswiri amaitamabe, imagontha pa shortwave ngati kachipangizo kake kolandirira mafunde kanapsa ndi mphamvu ya mphezi yodzera pa waya wakunja. Wailesi yotero imayaka bwinobwino, FM imamveka, koma shortwave imangolira chapansipansi. Mawailesi wamba a singano, opanda manambala owala, kawirikawiri amakalamba bwino kuposa amenewa, ngakhale kuti kupeza siteshoni pa iwo kumafuna chala chodekha.

Palinso msampha wa dziko limene wailesiyo inapangidwira. Yopangidwira msika wa ku Japan ikhoza kukhala ndi FM yoyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, pamene masiteshoni athu ali pakati pa 87.5 ndi 108. Amene anagulapo galimoto yochokera ku Japan akulidziwa vutoli. Yang'anani manambala a FM musanapereke ndalama, chifukwa kunena zoona wailesi imeneyi mudzaigwiritsa ntchito pa FM masiku ambiri kuposa pa shortwave. Ngakhale pa nthawi ya tsoka, monga namondwe Freddy mu March 2023 pamene magetsi anazima m'madera ambiri, uthenga wa misewu, milatho ndi misasa umachokera ku nyumba zathu zomwezi za FM. Samalaninso ndi adaputa. Ya ku America kapena ku Japan kawirikawiri ndi ya magetsi a 100 mpaka 120, pamene athu ndi 230, ndipo yotere mukailumikiza ikhoza kupsa.

Poyesa, nyamulani mabatire anu atsopano. Tambasulani eriyo yonse, muone ngati siinathyoke kapena kulumikizidwa ndi waya. Pitani pa chigawo chilichonse, mupotokole voliyumu mumve ngati siikukalakata, ndipo isiyeni iyimbe mphindi khumi kapena kuposa, pakuti ina imayamba bwino kenaka siteshoni n'kumathawa yokha. Ngati wogulitsa ndi womudziwa, mupempheni mukaiyese kunyumba madzulo. Muyesere panja, kutali ndi mababu a LED, matchaja a foni ndi inveta ya sola, pakuti zipangizo zamakonozi zimatulutsa phokoso limene limakwirira shortwave. Apa anthu akumudzi ali ndi mwayi kuposa a m'tauni. Kumbukiraninso kuti ndandanda za mapulogalamu zimalembedwa m'nthawi ya UTC, imene ife timaonjezapo maola awiri, ndipo nyumba zambiri zimasintha manambala ake kumapeto kwa March ndi kwa October.

Nanga mtengo? Makampani a ku China monga Tecsun ndi XHDATA akupangabe mawailesi atsopano a shortwave, ena okhala ndi batire yotchaja ngati ya foni, ndipo ambiri amakoka bwino mofanana ndi akale otchukawo. Maganizo athu ndi akuti wailesi yakale ndi yoyenera kuigula pokhapokha mwaimva nokha ikugwira masiteshoni angapo pa shortwave, FM yake ikufika pa 108, m'malo mwa mabatire muli moyera, ndipo mtengo wake ukuchepera kwambiri wa yatsopano. Kulipira ndalama zambiri chifukwa cha dzina lokha kusiyireni anthu osonkhanitsa zinthu zakale. Ndipo mukaigula, waya wa mamita asanu kapena khumi womangirira ku eriyo ndi kuukoleka pa mtengo udzakweza mawu kwambiri. Ingokumbukirani kuuchotsa mitambo ya mvula ikayamba kugunda.