Sitata Ikafa, Musathamangire Kugula Yatsopano

Usiku wina mwana wa mnansi wathu adadwala kwakayakaya, koma Land Rover yanga yakale idakana kulira. Anyamata a mumpingo adaikankha mumdima kufikira italira, ndipo Mulungu adatichitira chifundo: tidafika kuchipatala nthaŵi ikadalipo.

M'maŵa mwake nditamva mtengo wa sitata yatsopano ndidagwa mphwayi, pakuti zipangizo zotere zimachokera kunja, ndipo zidakwera mtengo kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti m'chaka cha 2023. Koma makanika wokhulupirika ataimasula, adapeza kuti chidatha ndi mabulashi okha, timakala topititsa magetsi m'kati mwake. Ndidalipira zochepa.

Makolo anzanga, yambani mwayesetsa batire, mawaya ndi mabulashi. Sunganinso kangachepe pambali, pakuti matenda sapangana nafe tsiku.